Giredi ya Mayi Chidindo

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi Mayi Chidindo anakhala pazenera loyamba la ofesi ya ziphaso, mpaka mpando wawo unachita dzenje lofanana ndi mwini wake. Ofesiyo ndi ija ya boma imene munthu amapitako kukalembetsa mwana akabadwa, kukalembetsa ukwati, kapena kukanena kuti wachibale watsikira kuli chete. Munali mazenera awiri, benchi lalitali la anthu odikira, mashelefu a mabuku akale onunkha fumbi ndi mphemvu, ndi fani imene inasiya kuzungulira kalekale koma palibe amene anaganiza zoitsitsa. Dzina lakuti Chidindo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa chidindo cha ofesi chinkagona m'dilowa mwawo, ndipo akachimenya papepala mlonda ankamva ali kugeti.

M'boma zinthu zinkayenda pamzere. Munthu sankakwezedwa chifukwa chothamanga, ankakwezedwa chifukwa amene anali patsogolo pake wachoka. Mayi Chidindo anadikira pamzerewo mosanyinyirika. Anaperekeza kumanda akalaliki awiri, anatsanzikana ndi atatu opuma pantchito, mpaka patsogolo pawo panatsala munthu mmodzi yekha, mkulu wa akalaliki. Mkuluyo atapuma, giredi yake inatsala yopanda mwini, pamodzi ndi kachipinda kake kokhala ndi chitseko ndi kapeti. Aliyense ankadziwa kuti zonsezo ndi za Mayi Chidindo. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti nawonso apume, ndipo penshoni ya munthu imatsatira giredi imene wapumira nayo. Kunena zoona, giredi imeneyo ndiyo inali ndodo ya ukalamba wawo, ndipo anali atayamba kale kuitsamira isanafike m'manja.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kulikulu. Bwana wa ofesi anaiwerenga Lolemba m'mawa ataimirira, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Kalatayo inati kuyambira tsopano malipiro ndi magiredi sizitsatiranso zaka zimene munthu wakhala pantchito, koma ntchito imene akugwira. Bwana anafotokoza mmene zikhalire mu ofesi yawoyo. Aliyense wolowa pageti azilembedwa m'buku la mlonda n'kulandira tikiti ya nambala. Kalaliki akamaliza kumuthandiza, azibaya tikitiyo pamsomali umene ukhomedwe pambali pa zenera lake. Pakatha miyezi itatu, wa matikiti ambiri ndiye atenge giredi ya mkulu wa akalaliki. Koma chiphaso chikangobwerera chimodzi chokha chili cholakwika, amene anachilembayo asalote za giredi chaka chimenecho.

"Ndiye zaka zathuzi tikazitaye kuti, bwana?" anafunsa Mayi Chidindo.

"Sizikutayidwa, amayi. Kungoti sizikuwerengedwanso."

Wina kumbuyo ananong'ona kuti tsabola wakale sawawa, ndipo panamveka kuseka kobisa. Mayi Chidindo sanacheuke. Maso awo anapita okha kwa munthu wa pazenera lachiwiri, amene anali atazolika, akusewera ndi cholembera.

Munthuyo anali mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, chitsirizira m'banjamo. Kuofesi ankamutchula Kamphepo, chifukwa ukati umuitane umapeza wadutsa kale. Anafika pakhomo pa Mayi Chidindo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi ake atamwalira, zovala zake zonse zili m'kathumba kamodzi ka pulasitiki. Anamulera ndi iwo. Anamuphunzitsa kusita kolala, kuyankha akuluakulu, ndi kulemba zilembo zazikulu zoongoka, seveni wake wodula pakati. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anamutsina khutu ndi iwo omwe kuti kuofesi kwapezeka malo. Zolemba za awiriwa zinafanana mpaka bwana ankati ofesi yake ili ndi akalaliki awiri koma dzanja limodzi. Kale mawu amenewo ankawakomera Mayi Chidindo.

Lachisanu loyamba bwana anabwera kudzazula matikiti. Msomali wa Kamphepo unali utadzaza mpaka kunsonga, ena atawapanikiza ndi kapu patebulo. Wa Mayi Chidindo sunafike ndi theka lomwe. Bwana anamanga milu iwiriyo ndi labala, n'kukaiika m'kabati.

Komatu panali chifukwa. Mu ofesimo munali kachitidwe kamene sikanalembedwe m'buku lililonse. Mlonda, bambo wachikulire amene anakalambira pageti ngati mmene iwo anakalambira pazenera, ankayang'ana m'manja mwa munthu. Wobwera ndi envulopu yosalala ndi mafotokope okwanira ankamulozera zenera lachiwiri. Wobwera ndi mapepala ong'ambika okulungidwa m'kansalu, wosadziwa chaka chimene anabadwa, wa dzina lolembedwa mitundu itatu pamapepala atatu, ankamulozera zenera loyamba. Anayambitsa zimenezi ndi Mayi Chidindo eni ake, monyadira, chifukwa mabuku akale ankawadziwa ngati mmene mayi adziwira zipsera za ana ake. Munthu mmodzi wotero ankatha kudya ola lathunthu: kukwera makwerero, kutsitsa buku, kumufunsa ngati anabadwa dzombe lisanafike kapena litadutsa. Ola lonselo, tikiti imodzi. Pazenera lachiwiri ola lomwelo linkabala khumi.

Anapita kukanena zimenezi kwa bwana. Anamufunsa ngati boma likuona kuti munthu wa mapepala odyedwa ndi chiswe ndi wofanana ndi munthu wa mafotokope. Bwana anatulutsa kalata ija, n'kuiwerenganso mpaka pansi, akuyendetsa chala.

"Apa alemba kuti anthu othandizidwa, amayi. Sanalembe kuti ovuta kapena osavuta. Tikiti ndi tikiti."

"Amene analemba kalatayo anayamba wakwerapo makwerero?"

"Zimenezo mukawafunse kulikulu."

Nsanje inawalowa Mayi Chidindo, ndipo sinagogode. Bwana ndi kalata yake anawaiwala msanga, chifukwa munthu sachitira nsanje pepala. Anayamba kuona zinthu zimene zaka zonsezi sankaziona. Anaona kuti mlamu wawo ali ndi nsapato zatsopano zolira go go go pasimenti. Anaona kuti akamaseka amaonetsa mano onse ngati akulipidwa. Anayamba kumva kaphokoso kamene tikiti imachita ikamalowa pamsomali, ndipo kakamveka kuchokera kuzenera lachiwiri kankabaya iwo. Mwana amene anamuchotsa nsabwe m'mutu! Mwana amene anamuphunzitsa kugwira cholembera! Pa nthawi ya tiyi Kamphepo akawathirira, ankati shuga wachepa. Akaonjezera, ankati akufuna kuwapha ndi matenda a shuga.

Kunyumba anayesa kudandaula. Amuna awo anali telala wosokera pakhonde, ndipo nkhaniyo anaimvera mapini ali pakamwa.

"Ine sindikuona vuto, mayi," anatero telala atalavulira mapiniwo m'dzanja. "Kaya ipite kwa inu, kaya kwa mlongo wanga, mvula yagwa m'munda womwewo."

"Munda wake uti? Ine ndikadzapuma, mlongo wanuyo ndi amene adzandigulire mankhwala a miyendo?"

"Alekerenji? Mwana uja ali ndi mtima wabwino. Komanso mutu, eee, anatengera ife."

"Anatengera inu? Mukanakhala ndi mutu bwenzi mukusoka thumba la buluku chadodolido kawiri pa sabata?"

Telala anaseka mpaka kutsokomola, n'kuponda makina. Mayi Chidindo sanaseke. Anazindikira kuti ngakhale m'nyumba mwawo momwe, munthu amene agona naye chipinda chimodzi zaka makumi atatu akuombera m'manja timu inayo.

Chimene chinawapsetsa mtima kotheratu chinachitika Lachitatu la sabata yachitatu. Pazenera pawo panali bambo wina wokalamba amene ankafuna chiphaso cha ukwati umene unamangidwa zaka makumi asanu zapitazo, ndipo iwo anali atakwera makwerero kachitatu. Akutsika, mawondo akulira, Kamphepo anasuzumira pamwamba pa kathabwa kolekanitsa mazenera.

"Alamu, mwatopa. Anthu anga atha. Bwanji ena a pamzere wanuwo abwere kuno?"

Ananena ndi mtima woyera, ndipo ndicho chinali choipa chake. Mayi Chidindo anatsonya.

"Ako sakukukwana? Ukufuna ndi anga omwe? Samala zako, iwe."

M'mawa mwake anafika geti lisanatsegulidwe, atanyamula buledi wopaka majarini ndi fulasiki ya tiyi. Mlonda anadabwa, chifukwa pa zaka zonsezo anali asanalandirepo ngakhale switi kuchokera kwa iwo.

"Achimwene, zinthu zasintha," anatero Mayi Chidindo. "Kuyambira lero a maenvulopu muziwatumiza kwa ine. Agogo ndi mapepala awo muziwatumiza pazenera lachiwiri."

Mlonda analuma buledi, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Amayi, mwana uja mabuku akale awatha?"

"Awatha. Si boma lanena kuti nzeru zili kwa achinyamata? Aonetse."

"Ine ntchito yanga ndi kulozera, amayi. Koma walira mvula walira matope."

"Matopewo ndi anga. Inu imwani tiyi."

Zinayenda. Ha, zinayenda! Mayi Chidindo anadzidabwa okha. Dzanja limene anthu ankaliyesa lokalamba linkauluka papepala. Chitupa, dzina, tsiku, chidindo gu! Tikiti pamsomali. Sankadzutsanso mutu kuona nkhope ya munthu, ankangoona manja olowa pansi pa galasi ndi mapepala. Kale anali ndi chizolowezi chawo pa ziphaso za imfa. Wodzalembetsa imfa amabwera ndi zitupa ziwiri, chake ndi cha malemu. Iwo ankayamba apepesa kaye, kenako n'kukweza zitupa zonse ziwiri n'kufunsa kuti, "Amene watisiya ndi uti apa?" Cha malemucho ankachiika kumanzere, n'kuchipanikiza ndi chidindo, cha wamoyo n'kumubwezera nthawi yomweyo. Funso limenelo linkadya nthawi, ndiye analisiya.

Kuzenera lachiwiri kunagwa chilala. Kamphepo ankakhalira pamakwerero, fumbi lili mbuu m'tsitsi, nsapato zolira zija atazivula n'kuvala masilipasi. Tsiku lina anabwera atakumbatira buku lopanda chikuto.

"Alamu, masamba a chaka chija denga linadontha akusowa muno. Munawasunga kuti?"

"Ndili ndi anthu, iwe. Sukuona?"

Masambawo anali m'bokosi la nsapato pansi pa shelefu yomaliza, ndipo Mayi Chidindo ankadziwa bwino lomwe. Kamphepo anawafuna masiku awiri. Lachisanu bwana atazula matikiti anakweza nsidze, n'kuyang'ana Mayi Chidindo pamwamba pa magalasi. Tsiku limenelo mayiwo anakwera basi yopita kunyumba akuimba chamumtima, ndipo anapatsa malo mzimayi wina wa pakati, chinthu chimene sankachita.

Mukuganiza kuti nsanje inatha? Nsanje sikhuta. Pasanathe mwezi Mayi Chidindo anayamba kumva mawu ochokera kuzenera lachiwiri, mawu amene kale ankanenedwa pazenera pawo. "Mwana wanga, Mulungu akudalitse." "Ukhale ndi moyo wautali, mwana iwe." Mayi wina wosaona bwino anabwerera mawa lake ndi mapeyala atatu m'kansalu, n'kudutsa zenera loyamba osapereka ndi moni womwe. Kamphepo anadula peyala limodzi n'kubweretsa theka pasosala. Mayi Chidindo anati mapeyala amawatsegula m'mimba. A maenvulopu aja sadalitsa munthu. Amatenga chiphaso maso ali pafoni, n'kumapita. Tsopano matikiti anali nawo, koma ankasirira madalitso. Zinkawapweteka kuti kulikonse kumene mtsikanayo waikidwa, kumeneko ndiye kumaoneka kokoma.

Sabata yomaliza inafika Mayi Chidindo ali patsogolo ndithu. Lachiwiri chakumasana, benchi litadzaza, panalowa bambo wina wamtali, wa mapewa ngati chitseko, atavala ovolosi yothimbirira ndi mafuta. Tikiti sanatenge. Anaima pakati pa chipinda, pepala lili m'mwamba.

"Ndikufuna amene anandipha!"

Khanda lina linasiya kuyamwa. Bwana anatuluka mu ofesi yake akumanga batani la jekete.

"Khazikani mtima pansi, bambo. Chachitika n'chiyani?"

"Ine ndine dalaivala wa lole. Dzulo ndinapita kukakonzetsa laisensi yanga. Mtsikana wa pakompyuta kundiyang'ana, kuyang'ana kompyuta, kundiyang'ananso, kenako kudzuka pampando n'kuthawa. Akuti ndinamwalira mwezi watha! Akuti ndinafa ndi ukalamba! Ine, bwana? Tandiyang'aneni."

Pabenchi wina anafa nalo phwete, ndipo ena onse anatsatira. Dalaivala sanaseke. Anafotokoza kuti amene anamwalira ndi bambo ake. Iye anabwera muno kudzalembetsa imfayo, anapereka zitupa ziwiri, analandira chiphaso, n'kukachiika m'sutikesi osachiwerenga, chifukwa ndani amawerenga pepala lotero? Tsopano m'mabuku a boma mkulu uja ali moyo, iye ndiye ali kumanda, ndipo abwana ake amuuza kuti sangapereke lole kwa mtembo.

Bwana anatenga chiphasocho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Zilembo zazikulu zoongoka, seveni wodula pakati. Chidindo sichikanamuthandiza, chifukwa chinali chimodzi, ndipo chinkadumpha kathabwa kaja tsiku lonse kutumikira mazenera onse awiri.

"Munathandizidwa pazenera liti?"

"Bwana, m'mutu munali maliro. Mazenera sindinawawerenge. Anali mzimayi, sanandiyang'ane n'komwe."

Mayi Chidindo anayang'ana dalaivalayo. Nkhopeyo sankaikumbukira, koma manjawo anawakumbukira: zikhadabo zakuda ndi girisi, envulopu yatsopano ya khaki, zitupa ziwiri zopanikizana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi osabwezeredwa pepala ndi limodzi lomwe, lero apha munthu wamoyo. Anaona kachipinda kaja kakutsekeka, anaona ukalamba wawo ukubwera wapansi, wopanda nsapato.

"Ndine, bwana."

Mawuwo sanachokere kwa iwo. Kamphepo anali ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Ndinasokoneza zitupa. Pepani kwambiri, bambo. Bwerani kuno, ndikudzutsani lero lomwe."

Anthu anasekanso, ndipo dalaivala nayenso anamwetulira pang'ono. Mlonda, amene anali ataima pakhomo, anayang'ana Mayi Chidindo kamodzi, kenako anayamba kuyang'ana nsapato zake. Bwana anapukusa mutu n'kuuza Kamphepo kuti akamaliza akamupeze. Mayi Chidindo anaitana munthu wotsatira pamzere.

Lachisanu bwana anawaitana. Anati nkhani yadzithetsa yokha. Mlamu wawo walandira kalata yomuchenjeza, ndipo dzina limene lipite kulikulu Lolemba ndi lawo. Anawagwira chanza. Akalaliki a m'maofesi oyandikana anabwera kudzawayamikira, ena akuti chilungamo chaoneka, akuluakulu ndi akuluakulu basi. Mayi Chidindo anamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Lamulungu masana Kamphepo anabwera kunyumba monga mwa nthawi zonse. Telala anamupepesa, n'kumuuza kuti kulakwa n'kwa munthu aliyense, koma aphunzire kwa alamu ake kusamala. Kamphepo anangoti, "Inde, achimwene." Atatha kudya, akazi awiriwo anatsala kukhitchini, wamkulu akutsuka mbale, wamng'ono akupukuta. Mayi Chidindo anakankha chitseko ndi phazi.

"Unachitiranji zimene zija?"

"Ziti, alamu?"

"Usandipusitse. Munthu uja sanafike pazenera pako. Ukanangotseka pakamwa, giredi bwenzi ili yako."

Kamphepo anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali.

"Ine zaka zanga zili kutsogolo, alamu. Inu mwatsala ndi chimodzi. Munandilera. Nanga ndikanangoonerera mukuchita manyazi pamaso pa anthu onse aja?"

"Ndinakupempha?"

"Ayi."

"Nanga za mlonda ukuzidziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Anadutsa pazenera panga akununkha majarini." Anaseka pang'ono. "Musadandaule, alamu. Munandithandiza. Mabuku aja tsopano ndikuwadziwa. Ngakhale bokosi la nsapato lija ndinalipeza."

Mbale inawapulumuka Mayi Chidindo n'kugwera m'madzi. Akanakonda mtsikanayo akanawatukwana. Akanakonda akanalira, akanakawaneneza kwa achimwene ake, akanawaponyera nsanza yopukutira kumaso. Zimenezo akanadziwa kuziyankha. Koma izi? Anawaposa liwiro, iwo n'kumati ndi chibwana. Anamuunjikira zovuta, iye n'kuzisandutsa sukulu. Tsopano wawaposa ndi mtima womwe, ndipo wachita zimenezo akupukuta mbale, ngati si kanthu. Nsanje ya matikiti ija inali yamasewera. Iyi ndiye inafika m'mafupa.

Mlamu wawo atapita, anakhala pakhonde, makina a telala akungolira pambali. Anaganiza za penshoni ija. Mwezi uliwonse mpaka imfa, akamakagula sopo, akamakagula mafuta odzola, azidziwa kuti akudya za m'manja mwa kamwana kamene anakasambitsa okha. Paukwati, pamaliro, patebulo la Lamulungu, mtsikanayo azikhala chete mwaulemu, ndipo kukhala chete kumeneko kuzinena zonse. Mlonda akudziwa. Mawa adziwa mkazi wa mlonda. Anthu azidzati, "Mayi ajatu anapuma bwino, koma ndi chifundo cha mlamu wawo." Ndiye giredi idzakhala yawo, nanga dzina labwino lidzakhala la ndani?

Lolemba anavala diresi lawo labuluu, losita bwino, n'kufika bwana asanavule jekete. Kalata yopita kulikulu inali patebulo, ikudikira kusainidwa.

"Musasaine, bwana. Dalaivala uja ndinamupha ndine."

Bwana anavula magalasi.

"Amayi, mlamu wanu anavomera yekha."

"Ananama. Tsegulani buku la mlonda muone nambala ya tikiti ya bambo uja, kenako mumasule milu ili m'kabatiyo. Muipeza mumulu wanga."

Bwana anaitanitsa bukulo. Anamasula malabala, n'kunyowetsa chala ndi malovu. Sizinatenge nthawi. Tikitiyo inali pomwepo, ndi bowo lake la msomali, pakati pa matikiti a zenera loyamba. Anadzisisita pamphumi.

"Mukudziwa chimene mwataya?"

"Ndimadziwa kuwerenga, bwana."

"Amayi, ndagwira ntchito m'maofesi asanu. Anthu achilungamo ngati inu atsala ochepa m'boma. Lamulo landimanga manja, koma ulemu wanga muli nawo."

Mayi Chidindo anatsala pang'ono kuseka. Chilungamo! Chikanakhala chilungamo, bwenzi chitawatsegula pakamwa Lachiwiri lija, dalaivala ali pomwepo. Chimene chinawadzutsa m'mawa umenewo n'kuwaveka diresi labuluu ankachidziwa dzina lake, ndipo sichinali cha kutchalitchi. Koma anangoti, "Zikomo, bwana," n'kutuluka.

Anakakhala pazenera pawo. Patapita kanthawi bwana anaitana Kamphepo. Mawu a bwana anamveka akukwera, akumukalipira chifukwa chonama, kenako anatsika, chifukwa lamulo linali lamulo ndipo kalaliki wopanda chiphaso cholakwika anatsala mmodzi. Potuluka, mtsikanayo maso anali ofiira, kiyi wa kachipinda kaja ali m'dzanja. Sanapite kuzenera lake. Anabwera kudzawerama pambali pa mpando wa alamu ake, anthu a pabenchi akuona.

"Alamu, mwachitiranji? Inali yanu. Ndinakupatsani ndi mtima wonse."

"N'chifukwa chake."

"Nanga mukadzapuma mudzatani?"

"Ndidzadya zochepa, koma zanga. Boma likhoza kundilanda, ndi boma. Koma iwe usadzandipatsenso kanthu, wamva?" Anatsitsa mawu. "Weramuka apa, pukuta kumaso, anthu akuona. Pitani ku ofesi kwanu, bwana."

Kamphepo anaweramuka. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa mashelefu, n'kutsegula chitseko cha kachipinda kaja. Sanachitseke. Mayi Chidindo anadziuza kuti sayang'anako, koma anayang'ana. Anamuona akukhala pampando waukulu, akusuntha mafayilo, akudzutsa mutu kuyankha munthu woyamba amene anagogoda. Anafunafuna cholakwika, mmene wakhalira, mmene wagwirira cholembera, chilichonse chimene akanakanena kunyumba madzulo. Sanachipeze. Mpandowo unkamuyenera mtsikanayo, ndipo zimenezo zinawawa kuposa penshoni.